Mtengo wa Mlendo pa Pulazi: Mbiri ya Malipiro a Anthu Athu ku Halale

Boma la Lilongwe lidakhazikitsidwa m'mbali mwa mtsinje kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamalo amene lero timati Old Town. Tidaphunzira kuti tauniyi idakula chifukwa cha fodya, makamaka kuyambira 1920 pamene A. F. Barron adatsekula minda ku Mbabzi. Zimenezo nzoona. Koma padali chuma china chimene chinkatuluka m'boma lino chaka ndi chaka: amuna amphamvu zao, opita kukalima m'mapulazi a Azungu ku Southern Rhodesia, kumene makolo athu ankangoti ku Halale. Funso lathu ndi ili: kodi malipiro a anthu ameneŵa adaŵaika ndani, ndipo zimene mwini pulazi sadalipire adalipira ndani?

Chidaŵatulutsa m'mudzi ndi msonkho. M'zaka zoyamba za m'ma 1900 msonkho wa nyumba udali mashereni 6, koma munthu wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankapereka 3 okha. Popeza malipiro a mu Nyasaland adali otsika kwambiri, amuna ankayenda pansi kudzera ku Dedza, kuoloka Zambezi ku Tete, mpaka kukafika ku Mtoko.

Kumeneko adakapeza malamulo atakonzedwa kale. Lamulo la Masters and Servants la 1901 lidati wantchito wochoka pangano lisanathe ngwolakwa, woyenera kulipitsidwa kapena kumangidwa. Mu 1903 kudayamba bungwe lolemba anthu la Rhodesia Native Labour Bureau, ndipo ntchito zake anthu adazitcha chibalo, dzina losonyeza m'mene ankaziwonera. Malipiro ankaŵerengera pa tikiti ya masiku 30. Tsiku la Mulungu, tsiku lodwala, kapena tsiku limene kapitao wati ndime sidathe, silinkalembedwa. Motero mwezi wa pa pulazi unkatalika kuposa wa pa kalendala. Pamwamba pake padali phoso la ufa, nyemba ndi mchere, lokwanira pakamwa pamodzi. Lamulo lokambirana za malipiro la 1934 lidasiya kunja anthu akuda onse, ndipo pamene lidakonzedwanso mu 1959, antchito a m'mapulazi ndi a m'nyumba adatsalabe kunja.

Nanga chifukwa chiyani eni mapulazi ankakonda mlendo? Mshona adali ndi munda ndi ng'ombe pafupi, ndipo mvula ikagwa ankabwerera kwao, nthaŵi imene pulazi linkamufuna koposa. Munthu wa ku Lilongwe kwao kudali kutali. Sakadatha kunyanyala dzuŵa lili pamutu nkukagona kwa amake. Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1950 oposa theka la antchito a m'mapulazi adali ochokera kunja: ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia.

Boma la ku Zomba lidaona kuti midzi ikutha. Komiti imene lidaika mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo adali matchona, osabweranso. Mu 1936 maboma atatu, la Nyasaland ndi a Rhodesia aŵiri, adapangana kuti wopita azikhala ndi chitupa chochokera kwa Bwana Disi. Southern Rhodesia idayambitsa magalimoto onyamula anthu mosalipiritsa, otchedwa Ulere, ndipo mu 1946 idakhazikitsa bungwe latsopano lolemba anthu, lodziŵika kuno ndi dzina loti Mthandizi. Maina okoma ameneŵa adali ndi cholinga: kumgwira munthu asanamve za Wenela, amene ankalipira bwinopo ku migodi ya ku Joni. Pangano lina la 1947 lidalamula kuti gawo la malipiro lizisungidwa kuti munthu akalandire atabwerera, gawo lina lizitumizidwa kwa banja lake, ndipo kuti azibwera kwao pakapita zaka ziŵiri.

Tisanyoze mapanganowo, ndalama zotumizidwazo zidagula nsalu, zidalipira sukulu. Koma tiwone bwino chimene adakhudza. Adakonza njira yogaŵira malipiro ndi yotolera msonkho, osati kukula kwa malipirowo. Mwini pulazi ankalipira mphamvu za mnyamata wosakwatira. Kumlera mpaka akule, kudyetsa ana ake, kumsamala akabwera wodwala kapena wokalamba, zonsezi zidagwera mkazi wotsala ndi khasu, ndi mbumba yake. Kutsika mtengo kwa wantchito wa ku Halale sikudagwe kumwamba ngati mvula: kudapangidwa ndi malamulo, ndipo ngongole yake idalipiridwa m'midzi ya kuno.

Malipiro ochepetsetsa a m'mapulazi adaikidwa ndi lamulo mu 1980, Zimbabwe italandira ufulu: madola 30 pa mwezi, pamene a m'mafakitale adali 70. Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, ana ndi adzukulu a matchona adataya ntchito ndi pogona pamodzi, ndipo lamulo la 2001 lidachititsa ambiri kusanduka alendo m'dziko limene adabadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 adaŵatsekuliranso khomo.

Mbiriyi sidathere pamenepo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 adanyamuka ku Lilongwe kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu 2024 ena adabwezedwa chifukwa chochoka pa minda imene adalembedwera. Zaka nzosiyana, malipiro ngosiyananso, koma mafunso ndi akale aja. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, adaphunzitsa kuti mlendo wogwira ntchito ya kanthaŵi asapatsidwe zochepa kuposa mbadwa, ndiponso kuti boma limene limakonza malamulo ndi mapangano nalonso ndi wolemba ntchito, ngakhale silioneka pa munda. Kunena kwina, amene ankasaina mapangano ku Zomba kale, ndi amene amasaina ku Capital Hill, ali ndi mlandu woyankha monga kapitao yemwe.

Tsono mnyamata akabwera kwa ife ndi chikalata cha pangano kuti timuŵerengere, mbiri yatiphunzitsa zoti tifunse. Kodi malipiro ake ngofanana ndi a mbadwa yogwira ntchito yomweyo? Adzachotsapo zingati za ulendo, nyumba ndi chakudya? Akadwala, tsikulo lidzalembedwa? Ndipo bwana akamzunza, kodi angathe kuchoka osasanduka wolakwa?