Foda ya Dzulo

M'zaka za m'ma 1980, munthu akafufuta fayilo mwangozi pa kompyuta yaikulu ya yunivesite, ankayamba wakagwada kaye kwa woyang'anira makina. Unix ilibe chisoni: ukangolemba rm, fayilo yapita, osakufunsa n'komwe ngati watsimikiza. Woyang'anirayo ankafunafuna tepi ya usiku wapitawo, n'kuiika m'makina, n'kudikira kuti izungulire mpaka pamene pali zako. Ambiri ankasankha kulembanso ntchito yawo mwakachetechete poopa manyazi.

Amene ndimawapatsa ulemu pa nkhaniyi ndi a ku Bell Labs, omwe anapanga pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa Plan 9. Seva ya mafayilo imene Ken Thompson analemba inkajambula zonse mmene zilili tsiku lililonse, 5 koloko m'mawa, n'kuzisunga pa madiski olembedwa kamodzi kokha. Wofuna fayilo ya pa 15 Malichi 1995 ankangolowa mu /n/dump/1995/0315 ngati foda wamba. Panalinso kalamulo kotchedwa yesterday kokupezera za dzulo. Wopempha kunalibenso.

Mu 1994, Dave Hitz, James Lau ndi Michael Malcolm a kampani ya Network Appliance anafotokoza njira yosungira mafayilo yotchedwa WAFL, ndipo nzeru yake imandikondweretsabe. Fayilo ikasintha, makina salemba pamwamba pa zakale, amalemba pamalo atsopano. Choncho kutenga snapshot, chithunzi cha mafayilo mmene alili pa nthawiyo, sikufuna kukopera chilichonse. Amangosunga mlozo wa pamene zinthu zinali pa nthawiyo, n'kuletsa kuti malowo alembedwenso. Zimatha m'kanthawi kochepa, ndipo malo amayamba kudyeka pokhapokha mafayilo akamasintha. Foda yobisika ya .snapshot inachokera kumeneko. ZFS ya kampani ya Sun, yomwe inatuluka mu 2005, ili ndi .zfs/snapshot, pomwe GPFS ya IBM ili ndi .snapshots.

Pa makompyuta ogawana amene ndimathandiza kuyang'anira, wophunzira akabwera thukuta lili kamukamu ndimangomuuza kuti alowe mu foda ya tsiku limene fayilo inalipo, alembe cp kuti aikopere, basi. Komatu ndimamuchenjezanso. Ma snapshot amafufutika okha akakalamba, amakhala pa madiski omwewo ndi mafayilo enieniwo, ndipo malo a scratch, kumene anthu amaunjika zotsatira zikuluzikulu, nthawi zambiri alibe snapshot n'komwe.

Ndi pamalo aakulu otere pamene ngozi imapweteka kwambiri. Mu Disembala 2021, kompyuta yaikulu ya Kyoto University ku Japan inataya mafayilo pafupifupi 34 miliyoni, okwana ma terabyte 77, a magulu 14 a ofufuza, pa makina a Lustre. Pulogalamu yosunga makope inali ndi ntchito yochotsa ma log opitirira masiku 10. Inasinthidwa ili mkati mogwira ntchito, n'kuyamba kufufuta mafayilo a kafukufuku. Ena anapezeka m'makope, ena sanabwerenso.