Cloud gaming kapena kompyuta yakoyako: nkhani yagona pa mtunda ndi deta

Munthu wofuna kusewera magemu akuluakulu amakono ali ndi njira ziwiri: kugula kompyuta yamphamvu kapena kubwereka mphamvu za makompyuta a kampani kudzera pa intaneti. Njira yachiwiriyi imatchedwa cloud gaming. Gemu imayenda pa makina otchedwa seva omwe ali kutali. Wosewera akadina batani, uthenga umapita ku sevayo, ndipo iyo imabweza zithunzi ngati kanema. Motero foni, laputopu wamba ngakhale TV imakwanira.

Njirayi idayamba kale. Kampani ya OnLive idaiyambitsa ku America mu 2010 koma idatseka mu 2015. Google idatsegula Stadia mu Novembala 2019, nkuitseka mu Januwale 2023. Anthu adabwezeredwa ndalama, koma magemu omwe adagula kumeneko adapita nayo. Zina mwa zomwe zakhazikika ndi GeForce Now ya Nvidia komanso Xbox Cloud Gaming ya Microsoft, zomwe zidatsegulidwa kwa anthu onse mu 2020.

Ubwino wake ngwakuti munthu satulutsa ndalama zambiri pakamodzi. Amalipira pamwezi, ndipo kukonza makina kapena kugula atsopano ndi udindo wa kampani. Safunikanso kudikira kuti gemu yaikulu ilowe m'kompyuta asadayambe kusewera.

Chopinga choyamba ndi mtunda. Uthenga umayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi mu nthambo za fibre, kotero makilomita 1,000 alionse amawonjezera mamilisekondi 10 popita ndi pobwera. Nvidia imafuna kuti kuchedwaku kusafike mamilisekondi 80. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku London pali makilomita pafupifupi 8,000, ndiye kuti seva ikakhala kumeneko, mtunda wokha ukutha mamilisekondi 80 onsewo. Pa gemu ya mpira kapena yowomberana, wosewera amaona kuti wadina batani koma chithunzi chikutsalira. Ichi n'chifukwa chake makampaniwa amapereka ntchitoyi m'mayiko okhawo omwe ali pafupi ndi maseva awo.

Chachiwiri ndi deta. Nvidia imati zithunzi za 720p zimafuna intaneti ya 15 Mbps, pomwe za 1080p zimafuna 25 Mbps. Pa liwiro lotere, ola limodzi likhoza kudya pafupifupi 7 GB kapena 11 GB. Wodalira mabandulo a pafoni atasewera ola limodzi tsiku lililonse, angafunike 200 GB kapena kuposa apo pamwezi.

Kompyuta yakoyako nayo ili ndi mtolo wake. Chipangizo chojambula zithunzi, graphics card, nthawi zambiri ndicho chimadula kuposa zonse, ndipo ku Malawi zipangizozi zimachokera kunja, kotero mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Kompyuta yotere imadya mawati mazana angapo, imafuna chotetezera magetsi akamazimazima, ndipo pakapita zaka imayamba kulephera magemu atsopano.

Komabe ikagulidwa, yagulidwa. Gemu imayankha pompopompo chifukwa ikuyenda m'nyumba momwemo, magemu ambiri a munthu mmodzi amaseweredwa popanda intaneti, ndipo deta yambiri imapita pongolowetsa gemu ndi kuikonzanso. Kompyutayo imagwiranso ntchito zina monga kukonza makanema ndi nyimbo, ndipo ikhoza kugulitsidwa kapena kusinthidwa chipangizo chimodzichimodzi.

Choncho wosankha ayambe wafufuza zinthu zitatu: ngati ntchitoyi ikupezeka m'dziko lomwe akukhala, mamilisekondi omwe uthenga ukutenga kukafika ku seva, komanso ngati intaneti yake ili ndi malire a deta. Wokhala ku London wokhala ndi fibre yopanda malire angapindule ndi cloud gaming. Wa ku Blantyre kapena ku Mzuzu wogula mabandulo, kompyuta yakeyake, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiyo ingamusungire ndalama.