Kuchokera pa lamya ya Rhodes kufika pa kompyuta ya kuchipinda chakuseri

Cha m'ma 2015 kampani ya SimbaNET inayala nthambo za fibre kuchokera ku Lilongwe, ina kulowera kumpoto mpaka ku Songwe, ina kulowera kumalire a Zambia ku Mchinji. Yachiwiriyi ikulunjika komwe ife a ku Mpingu ndi Namitete timalowera tikakwera minibasi popita kumudzi. Intaneti ya dziko lino imadutsa kwathu. Komabe funso lomwe anzanga ambiri amafunsa akapita kutchuthi ndi laling'ono zedi: router ili pabalaza, kompyuta ya patebulo ili m'kanyumba kakuseri, ndizilumikiza bwanji? Uthenga umene wawoloka nyanja ya mchere pansi pa madzi ukukanika kudutsa mamita 30 a pabwalo pomwe amayi amayanika mphale.

Ine ndimaphunzira mbiri, choncho ndikamva funso ili ndimakumbukira Cecil Rhodes. Mu 1892 iye anakhazikitsa African Transcontinental Telegraph Company, n'cholinga choti waya wa telegalamu uchoke ku Cape ukafike ku Cairo. Wayawo unadzera ku Tete, Blantyre ndi Zomba, n'kutsata nyanja kudzera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay mpaka ku Karonga, ndipo unakathera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Ku Cairo sunafike. Mitengo yake inali yachitsulo, poopa chiswe ndi moto wa m'tchire, ndipo palibe galimoto inainyamula. Anaisenza ndi amtengatenga, pamutu ndi paphewa, ambiri mwa iwo akufunafuna ndalama ya msonkho. Mu 1899 nthambi ina inachoka ku Domira Bay, pafupi ndi Salima, kudula chigawo chathu chapakati mpaka ku Fort Jameson, komwe lero timati ku Chipata.

Taganizirani munthu amene anasenza chitsulocho. Waya unali pamwamba pa mutu wake, ukunyamula mitengo ya malonda ndi malamulo a boma pakati pa Zomba ndi London. Iye akafuna kuuza mlongo wake za maliro ankatuma mwana wothamanga, kapena kuliza ng'oma. Waya sunamangidwe kuti uziima pamudzi. Unamangidwa kuti ulumikize boma ndi boma, ndipo zapakati zonse zinali mtunda wongofunika kuudutsa. Ndikuona kuti kamangidwe kameneka tinakalandira ngati chuma chamasiye, ndipo sitinakasinthe kwenikweni.

Ufulu utabwera mu 1964, lamya inakhalabe ya ku ofesi, ku mishoni ndi ku positi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, nthambo zinachuluka mumzinda, koma wa ku Kabudula kapena ku Nambuma ankapalasabe njinga kukapeza foni. Agogo anga amati uthenga wachangu unali wa pa wailesi ya MBC, pa nthawi ya zolengeza za maliro, ndipo mudzi wonse unkamvera limodzi. Intaneti itafika inadzera khomo lomwelo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Chancellor College kunayamba imelo yoyenda pa nthambo za foni, ntchito yomwe Dr Paulos Nyirenda anaitsogolera, ndipo mu 1997 MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti. Kuti ulumikizike unkafunika foni yapansi. Amene analibe foni yapansi, ndiye kuti pafupifupi mudzi uliwonse wa m'boma la Lilongwe, sanaitanidwe n'komwe.

Chimene chinaswa mwambowu si waya ayi, koma nsanja. TNM inabadwa mu 1995, Celtel inabwera mu 1999 (ndiyo inadzakhala Zain, kenako Airtel mu 2010), ndipo pang'onopang'ono nsanja za netiweki zinamera m'matauni ang'onoang'ono. Kwa nthawi yoyamba uthenga unatsika pamtengo n'kulowa m'thumba la mlimi wa fodya.

Nkhani imene ndimainyadira pa zimenezi inachitikira kwathu komwe. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chomwe masisitere a chipani cha Carmel ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, chimathandiza midzi yotalikirana kwambiri. Anthu ongodzipereka oyang'anira odwala m'midzimo ankayenda mitunda yaitali, wapansi kapena panjinga, kudzangopereka lipoti. Mu 2008 wophunzira wa ku Stanford, Josh Nesbit, anabwera ndi mafoni akale pafupifupi 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu ya FrontlineSMS yomwe anailemba Ken Banks. Laputopuyo inalumikizidwa ndi kachipangizo kokhala ndi SIM khadi, ndipo mauthenga a SMS ochokera m'midzi ankagwera m'menemo: wodwala uyu wasiya kumwa mankhwala, uyu akufunika namwino. Panalibe intaneti, panalibe router. Ntchitoyi ndiyo inadzakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, lomwe linafalikira m'maiko ambiri. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti sanayambe ndi kufunsa kuti nthambo yaikulu ili kuti. Anayamba ndi munthu wakutali kwambiri uja, n'kuona chomwe chingamufike.

Kompyuta ya patebulo, ija timangoti desktop, mbiri yake ndi ina. Zambiri zomwe zili m'nyumba za aphunzitsi ndi m'timashopu tothira nyimbo m'mamemori khadi pa Nsaru kapena pa Namitete ndi zakaunjika, zotsika m'maofesi a kunja. Zinapangidwira nyumba zomwe khoma lililonse lili ndi bowo la nthambo ya netiweki. N'chifukwa chake zambiri zilibe Wi-Fi, koma kumbuyo kwake kuli kabowo kooneka ngati ka foni yapansi, kokulirapo pang'ono. Kabowoko kakudikira nthambo imene nyumba zathu sizinamangidwe nayo.

Ndipo kumudzi mitunda ndi iwiri, osati umodzi. Router yathu si ya nthambo, ndi ya SIM khadi, ndiye iyenera kukhala pomwe ikuiona nsanja. Kompyuta nayo iyenera kukhala pomwe pali soketi, chitseko cholimba ndi zitsulo pawindo. Malo awiriwa sakumana kawirikawiri. Kwa amalume anga, omwe ndi mphunzitsi, netiweki imagwira bwino pawindo la pabalaza loyang'ana kumsewu, pomwe kompyuta yolembera mayeso ili m'kanyumba kakuseri. Pakati pake pali makoma atatu a njerwa zootcha ndi nkhokwe. Mwana wawo atanena zogula router ina yamphamvu, iwo anangofunsa kuti, "Kodi yamphamvuyo idzaboola khoma?" Anafunsa bwino. Wi-Fi ndi wailesi yofooka, ya mafunde a 2.4 GHz kapena 5 GHz. A 5 GHz ndi othamanga koma amafera pakhoma msanga, a 2.4 GHz amayesetsako. Njerwa zimawamwa, malata amawabweza.

Yankho lomwe ine ndimaliikira kumbuyo ndi lachikale: waya. Nthambo ya Ethernet, ya Cat5e kapena Cat6, imanyamula uthenga mpaka mamita 100 popanda chothandizira china, ndipo siisamala za khoma. Mbali imodzi kubowo la LAN kumbuyo kwa router, inayo kukabowo ka kompyuta kaja, basi. Chodabwitsa n'chakuti Ethernet yomweyi ndi mwana wa wailesi. Robert Metcalfe anaikonza mu 1973 ku Xerox PARC atatengera nzeru ku ALOHAnet ya ku Hawaii, komwe yunivesite inkalumikiza makompyuta a pazilumba zosiyana ndi mafunde a wailesi poti nthambo zinali zodula. Naonso anali anthu okhala kutali ndi router, tingatero.

Koma waya wa pabwalo uli ndi adani ake, ndipo si osiyana kwambiri ndi a nthawi ya Rhodes. Dzuwa limaumitsa chikopa cha nthambo wamba mpaka kusweka, mbewa ndi makoswe zimatafuna, khasu la wosesa udzu limadula. Choopsa koposa ndi mphenzi. Nthambo ya mkuwa yolendewera pakati pa nyumba ziwiri m'dzinja ikhoza kuotcha router ndi kompyuta nthawi imodzi, ngakhale mphenziyo itagwa chapatali. Ndi bwino kugula nthambo yopangidwira panja, kuilowetsa m'paipi ya pulasitiki n'kuikwirira, ndipo mitambo ikayamba kugunda, kuizula. Wina asanagule, ayang'anenso ngati router yake ili nalo bowo la LAN, chifukwa tima MiFi tam'thumba tambiri tilibe.

Njira zinazo zilipo, koma iliyonse ili ndi pogwira. Kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB ndi kotchipa, ndipo kamagwira ntchito ngati mafunde akufikako kale. Kokhala ndi mlongoti, koikidwa pawindo ndi nthambo yotalikitsira, kamaposa kobisala kuseri kwa bokosi lachitsulo la kompyuta. Repeater imathandiza ikaikidwa pakati pa njira, osati kumathero komwe mafunde afa kale, koma imadya liwiro ndipo imafuna soketi yakeyake. Ma adaputa a powerline, odutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba, amatamandidwa kwambiri m'mavidiyo a ku Ulaya. Kuno amafuna nyumba zonse ziwiri zikhale pa mita imodzi ndi mawaya abwino, ndipo magetsi a ESCOM akathima nawo amagona, ngakhale router ili pa batire ya sola. Masiku ena foni yomwe ili m'thumba, yolumikizidwa ku kompyuta ndi nthambo yotchajira, imamaliza nkhani yonse, bola bandulo ikhalepo.

Wina anganene kuti ndikukokomeza, kuti vuto la mamita 30 ndi la mwini nyumba, osati la boma kapena la mbiri. Ndikuvomera theka. Palibe nduna ingabwere kudzakumba ngalande pabwalo la amalume. Koma onani komwe ndalama ndi miyambo yodula riboni zimathera. Pulojekiti ya National Fibre Backbone, yomwe Huawei inamanga cha m'ma 2017 ndi 2018 pa ngongole yochokera ku China, inapachika nthambo pamitengo ya ESCOM kulumikiza maboma. Ndi ntchito yofunika, koma mapu ake ndi a boma ndi boma, monga a 1899. Zoyesa kufikira wakumathero zakhala zazing'ono. Mu 2013 akatswiri a physics ku Chancellor College, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka komanso mogwirizana ndi MACRA, anagwiritsa ntchito mafunde a wailesi yakanema omwe anali kungokhala potumiza intaneti ku sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi malo ena ku Zomba. Zinatheka. Koma mwana wa ku Kabudula sanalawe zipatso zake.

Tsopano kwabwera Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Iyi ndiye siifuna msewu wa Mchinji, nsanja kapena mtengo wa ESCOM. Mbale imayang'ana kumwamba, uthenga n'kutsika kuchokera ku masetilaiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 550. Ndi ochepa kumudzi angaikwanitse, mwina sukulu, chipatala kapena mwini esiteti. Koma amene anagula mtundu womwe unkagulitsidwa poyambapo anapeza kuti router yake inalibe bowo la Ethernet. Kuti nthambo ifike ku kompyuta ya kuchipinda chakuseri, ankayenera kuitanitsa kachipangizo kena padera, n'kudikira kafike kuchokera kunja.