Zaka 100 zolimbana ndi phokoso pomvetsera ubongo

Amene anakhalapo pa ukwati ku Msoro amaidziwa ampulifaya: mukaikweza, mawu a mkulu wa mwambo amamveka, koma kulira kwa makinawo kumakulanso. Akatswiri oyeza ubongo akhala akuvutika ndi zomwezi kwa zaka pafupifupi 100.

Mitsempha imatumiza uthenga ndi timagetsi tochepa zedi. Poyeza pamwamba pa mutu, mphamvu yake kawirikawiri sifika gawo limodzi mwa magawo 10,000 a batire la tochi. Hans Berger wa ku Jena anatijambula mwa munthu mu 1924, koma atafalitsa mu 1929 ambiri anakayikira. Ku Cambridge, Edgar Adrian anali atajambula kale uthenga wa mtsempha umodzi wa chule mu 1926, pogwiritsa ntchito mavavu onga a m'mawayilesi akale. Mu 1934 iye ndi Bryan Matthews anatsimikiza kuti Berger sankanama. Matthews yemweyo anakonza ampulifaya yoyerekeza mawaya awiri: imataya phokoso lolowa mofanana konsekonse, monga la mawaya a magetsi a m'nyumba, n'kukweza kusiyana kokhako. Nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito.

Chinthu chikamaikidwa m'mutu mwenimweni, nkhani imavuta. Kuti phokoso lichepe pamafunika magetsi ambiri, koma magetsi ambiri amatenthetsa, ndipo ubongo sulola kutentha ngakhale pang'ono. Mu 2003 Reid Harrison ndi Cameron Charles a ku University of Utah anafalitsa kaampulifaya kodya mamaikrowati 80 okha, phokoso lake mamaikrovoti 2.2, ndipo ambiri opanga zipangizozi anatengera pomwepo. Mu 2013 dziko la America linavomereza kachipangizo ka NeuroPace, kamene kamakhala m'chigaza, kumvetsera, n'kutumiza timagetsi todula khunyu lisanakule.

Khunyu ndilo likutikhudza kuno kum'mawa. Kafukufuku wa m'boma la Katete anapeza kuti ambiri odwala matenda akugwa ali ndi timatumba ta njoka ya masese muubongo. Anthu amaloza chala nyama ya nkhumba, koma chofika kuubongo ndi mazira a njokayo ochokera m'chimbudzi cha munthu, olowa m'kamwa ndi chakudya kapena madzi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Gretchen Birbeck ndi anzake anayeza ndi EEG, makina ojambula timagetsi ta ubongo aja, ana odwala malungo a muubongo, ndipo mu 2010 anasonyeza kuti ena mwa opulumuka amadzadwala khunyu pambuyo pake.

Kunena zoona, wodwala wa ku chipatala cha St Luke's ku Msoro sakusowa kachipangizo ka m'chigaza. Akusowa mankhwala osadukiza ndi munthu wodziwa kuwerenga mizere ya EEG. Pofuna kupeza anthu otere, maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha anayamba ku University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018.