Yoswa ndi Yesu: Mbiri ya Dzina Limodzi

Dzinali linayambira m'chipululu. Potumiza amuna 12 kukazonda dziko la Kanani, Mose anatcha mmodzi wa iwo, Hoseya mwana wa Nuni, dzina latsopano lakuti Yehoshua, amene ife timati Yoswa (Numeri 13:16). Dzina lakuti Hoseya limatanthauza chipulumutso chabe, osatchula mwini wake. Mose anaika chidule cha dzina la Mulungu wa Israyeli kutsogolo kwake, kuti zimveke kuti wopulumutsayo ndi Yehova.

Ababulo anawononga Yerusalemu mu 586 BC, ndipo Ayuda pobwerako ku ukapolo kuyambira mu 538 BC anali atayamba kufupikitsa dzinali kuti Yeshua. Mkulu wa ansembe amene anamanganso kachisi pamodzi ndi Zerubabele, aneneri Hagai ndi Zekariya amamutchula ndi dzina lalitali, pomwe Ezara amagwiritsa lalifupi. Pa Nehemiya 8:17 ngakhale mwana wa Nuni uja walembedwa ndi lalifupilo.

Cha m'ma 250 BC, Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira malemba awo m'Chigiriki. Chigiriki chilibe liwu la "sh", komanso maina ambiri a amuna amathera ndi "s", choncho analemba Iesous. Wowerenga Chigiriki ankadziwa kuti amene anagwetsa malinga a Yeriko ndi Iesous. Ndi dzina lomwelo limene Mateyu 1:21 akuti mngelo anauza Yosefe kuti apatse mwana wa Mariya, ndipo analongosola chifukwa chake: adzapulumutsa anthu ake ku machimo.

Chimene ambirife timaiwala n'chakuti linali dzina wamba. Panali Yesu mwana wa Sira, amene analemba buku la nzeru cha m'ma 180 BC. Wolemba mbiri Josephus akutchula anthu ambiri a dzinali, ena ansembe, ena atsogoleri a zigawenga. Lapezekanso litazokotedwa pa timabokosi tamiyala tosungiramo mafupa a akufa ku Yerusalemu. Paulo naye anali ndi mnzake pa ntchito, Yesu wotchedwa Yusto (Akolose 4:11). N'chifukwa chake anthu ankawonjezera kuti "wa ku Nazarete". Kwa ine mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri: mwana wa mmisiri wa matabwa uja ankaitanidwa ndi dzina limene anzake ena osewera nawo ankayankhanso.

Kugawikana kwa dzinali kukhala Yoswa ndi Yesu kunakhazikika cha m'ma AD 400, pamene Jerome, pomasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chihebri, analemba Iosue, n'kusiya Iesus m'Chipangano Chatsopano. Baibulo la King James la 1611 linasungabe kachizindikiro ka umodzi wakale, pakuti pa Machitidwe 7:45 ndi Ahebri 4:8 limatchula Yoswa ndi dzina la Yesu. Buku Lopatulika la 1922 linatipatsa maina awiri. Lero makolo athu amatcha ana awo Yoswa mosaopa kanthu koma la Yesu salikhudza, pomwe ku Mexico ndi ku Spain anyamata otchedwa Jesús ndi ochuluka zedi.