Asing'anga a mafoni pa doko la Kachulu

Kampani ya mafoni ya TNM itayamba mu 1995, chaka chomwe Nyanja ya Chilwa inaphwa, panalibe msodzi wa pa Kachulu amene ankalota zokhala ndi foni. Inzake ya Celtel inafika mu 1999, kenaka timafoni ta Nokia tija, tomwe nthenda yake inali batire basi.

Ma itel ndi ma Tecno a Android anadza ndi nthenda yachilendo: pulogalamu kumangozima yokha, ukayatsa yazimanso. Anyamata otchajitsa mafoni pa sola anasanduka asing'anga. Mankhwala awo otchuka n'kuflasha, komwe kumasesa zonse, ngakhale manambala a ogula matemba.

Mu Marichi 2021 mapulogalamu anazimazima padziko lonse, vuto lili mu Android System WebView ya Google. Amene anaflashitsa foni anangotaya ndalama, poti kuchotsa apudeti ya WebView kunali kokwanira.