Basil Spence, Mmisiri Amene Nkhondo Inambwereka

Usiku wa pa 14 November 1940 ndege za Ajeremani zinathira mabomba pa mzinda wa Coventry ku England. Anthu oposa 500 anafa, ndipo chalichi cacikuru ca St Michael, cimene cinaima pamenepo zaka mazanamazana, cinapsa. Kutaca, panatsala nsanja ndi zipupa zakunja zokha. Munthu amene anadzamanga cina m'malo mwace anali pa usilikari nthawi imeneyo. Dzina lace ndiye Basil Spence.

Iyeyu anabadwira ku Bombay, m'dziko la India, m'caka ca 1907, kumene atate wace anali woyesa siliva ndi golidi m'nyumba yosulira ndalama. Kwao kweni kweni kunali ku Scotland, motero pofika zaka 12 anamtumiza ku sukulu ku Edinburgh, kumene pambuyo pace anaphunzira umisiri wolemba mapulani a nyumba. Mmisiri wotere sagwira njerwa kapena matope ai. Iye ayamba waiona nyumba m'mutu mwace, nailemba pa pepala, nawerengera katundu amene cipupa ciri conse cidzasenza. Spence anakhalanso caka cimodzi ku London pansi pa Sir Edwin Lutyens, amene analemba nyumba ya Bwanamkubwa wa India ku New Delhi.

Nkhondo ya Hitler itabuka mu 1939, Spence analowa usilikari. Akuru a nkhondo anaona kuti munthu wodziwa mithunzi ndi maonekedwe a zinthu angathe kunyenga maso a mdani, tsono anampatsa nchito yobisa mizinga ndi magalimoto, kuti wosuzumira ali m'ndege aziyese thengo cabe. Kenaka anakhala mmodzi wa akuru a ku likulu la gulu la asilikari, anthu a mapu ndi makalata, osonkhanitsa mbiri za mdani. Nchito ya pa tebulo ambiri amaipeputsa, koma asilikari zikwi zambiri sangaoloke nyanja tsiku limodzi popanda wina wodziwa kumene ali yense adzaponda. M'nchitoyi anafika pa udindo wa Major.

Mu June 1944 anaoloka ndi gulu lace kunka ku Normandy, m'dziko la France. Kumeneko anaona akasinja a Angerezi akuombera nsanja za machalichi awiri akale, pa Ouistreham ndi pa Hermanville, cifukwa Ajeremani amfuti anabisala m'mwambamo. Monga msilikari sakanatsutsa, pakuti anzace anali kufa. Koma monga mmisiri mtima unamuwawa poona nchito ya makolo ikugumuka m'kamphindi. Iye mwini anasimba pambuyo pace kuti m'masiku omwewo mnzace wina anamfunsa cimene anali kucilakalaka m'moyo, nayankha kuti afuna kumanga chalichi cacikuru.

Nkhondo itatha, eni Coventry anaitana amisiri kuti apikisane. Mapulani 219 anafika, ndipo mu 1951 ace a Spence ndiwo anasankhidwa. Nzeru yace inali iyi: bwinja lisagwetsedwe. Zipupa zopserera zikhale comweco, zopanda denga, ndipo chalichi catsopano ciime pambali pace, cholumikizidwa ndi khonde lalitali, kuti munthu ayambe wapita pa malo a cionongeko asanalowe m'nyumba yamoyo. Zipupa zatsopano anazipinda ngati mano a sowo, mazenera onse napenya ku guwa. Wolowa saona magalasi a mawanga aja kufikira atafika ku guwa ndi kuceuka. Kuseri kwa guwa kunapacikidwa nsaru yaikuru ya Graham Sutherland, yoombedwa ku France, yoonetsa Kristu mu ulemerero.

Si onse anakondwa. Okonda zakale anati nyumbayo ifanana ndi fakitale, acinyamata okonda zatsopano anati njacikale, ndipo makalata acipongwe anamfika ambiri. Ndalama nazo zinabvuta, kotero kuti mu 1953 anayendayenda ku Canada kukapempha thandizo. Mfumukazi Elizabeth anaika mwala wa maziko mu 1956, ndipo chalichi cinapatulidwa pa 25 May 1962. Anyamata ndi atsikana a ku Germany anadza kudzathandiza kukonza zipinda zina za m'bwinja lija ndi manja ao.

Komabe dzanja lomwelo silinakhoze ponse. Ku Gorbals, dera la amphawi mu Glasgow, Spence analemba nyumba zosanjikiza ka 20 zokhalamo mabanja 400. Pa pepala zinali zokongola. Koma cinyezi cinalowa m'zipupa, mphepo inali kuomba koopsa pansi pace, ndipo okhalamo anadandaula kwa zaka zambiri. Apa mmisiri anaganizira maso a oyang'ana koposa mai wokwera ndi ana ndi katundu.

Sir Basil Spence anamwalira mu 1976. Nyumba za ku Gorbals zinaphulitsidwa mu 1993, ndipo mwala wouluka unapha mai mmodzi mwa anthu amene anadza kudzaonerera.